Play-Doh, Plasticine kapena dongo la kudambo: mwana aziumbira chiti?

Mwana wanga wa zaka 6 adakondetsetsa Pingu, katuni ya ku Switzerland imene idayamba kuonetsedwa mu 1990. Pingu salankhula Chingerezi, amangobwebweta zakezake mlomo utatalika ngati lipenga, choncho mwana amatsatira nkhani yonse popanda womasulira. Tsiku limene ndidamuuza kuti kambalameko n'koumba ndi manja, adangoti, "Amayi, inenso ndiumba wanga." Kuyambira pamenepo taumbira zinthu zitatu.

Tidayamba ndi Play-Doh. Poyamba phala limeneli linali lochotsera mwaye pamapepala omata kukhoma ku Cincinnati, ku America. Lidasanduka choseweretsa mu 1956, ndipo lidatchuka litaonetsedwa pa pulogalamu ya ana ya Captain Kangaroo. Muli ufa wa tirigu, mchere ndi madzi, n'chifukwa chake ndi lofewa moti ngakhale mwana wa zaka 2 amalikanya bwinobwino. Vuto lake ndi madzi omwewo. Pingu wathu woyamba tidamugoneka pawindo, mawa lake tidamupeza ali ming'alu yokhayokha, mchere utatuwa pamsana, phiko limodzi litathothoka. Mwana adalira mpaka kukana kudya phala. Komanso chidole chake sichiima nthawi yaitali, mutu umalemera n'kuwerama. Ngati mwana wanu sayanjana ndi tirigu, musagule n'komwe.

Plasticine ndiye mwini ntchito imeneyi. William Harbutt, mphunzitsi wa zaluso ku Bath, ku England, adaipanga mu 1897 pofuna kuti zoumba za ophunzira ake zisamaume ntchito isanathe. M'malo mwa madzi muli mafuta, ndiye siuma ngakhale muisiye pamtunda mwezi wathunthu. Ndi imene akatswiri a Aardman, kampani yopanga makatuni ku Bristol, ku England komweko, adaumbira Morph, kamunthu kamene kadayamba kuoneka pa BBC mu 1977. Mmene amayendetsera zidole zoterezi n'zotheka kunyumba: mumajambula chithunzi, n'kusuntha mkono pang'ono chabe, n'kujambulanso. Zithunzi 12 zimakwana sekondi imodzi. Ife tidatsamiritsa foni pa kapu, n'kujambula zithunzi 60 Loweruka masana, ndipo Pingu adagwedeza mutu masekondi 5. Mwana adaonera kanemayo mpaka batire kutha. Chidandisangalatsa kwambiri n'choti tsopano akamaonera TV amafunsa kuti, "Apa asuntha chiyani?"

Plasticine nayo ili ndi zovuta zake. M'nyengo yozizira imalimba, muyambe mwaifikisa m'manja mwanu musanampatse mwana. Dzuwa la mu October likaswa mtengo imalefuka, miyendo n'kupindika pokhapokha mutaikamo kawaya m'kati. Mafuta ake amathimbiritsa nsalu ya patebulo, ndiye yalani pepala la pulasitiki.

Dongo tidakalipeza kumudzi kwa agogo ake. Asuweni ake adamuphunzitsa kuumba ng'ombe ya linunda, kutsina nyanga ndi zala ziwiri, kusalaza msana ndi chala chonyowa. Adamuchenjezanso kuti aziyanika pamthunzi, chifukwa padzuwa imang'aluka. Dongo siligulidwa, mwana amaumba khola lonse popanda kumuuza kuti asamalize, ndipo likauma amaseweretsa ndithu, kukokera ngolo ya chitini. Koma lilibe mitundu yowala, ndipo likangouma basi, simungalisunthenso kuti mujambule kanema. Langizo langa n'loti wamkulu ndiye azikatapa, ana asamalowe m'madzi odikha a kudambo kuopa likodzo.

Kwa mwana wosakwana zaka 4 amene akungofuna kufinya ndi kudula, Play-Doh ndi wokwanira, bola muzitseka chivindikiro. Amene akufuna kutsanzira zimene waona pa TV mugulireni Plasticine, ndalama yanu siipita pachabe. Koma ndikamufunsa mwana wanga chimene amanyadira kwambiri, amaloza ng'ombe yadongo ili pashelefu, ya nyanga imodzi yomata ndi guluu.