Nigiri kapena maki: muyambe ndi iti?

Zonsezi ndi mitundu ya sushi, chakudya cha ku Japan, ndipo mpunga wake ndi umodzi: wanjere zifupizifupi, wothira viniga, shuga ndi mchere.

Nigiri ndi kambamu ka mpunga ka magalamu pafupifupi 20, kachidutswa ka nsomba yaiwisi pamwamba, wasabi (zokometsera zobiriwira zowawa ngati tsabola) pakati. Kuumba kwake n'kovuta: mukafinya kwambiri, mpunga umalimba ngati mkute. Poviika mu msuzi wa soya (soy sauce, msuzi wakuda wamchere), katembenuzeni kuti nsomba ndiyo ikhudze msuziwo, chifukwa mpunga ukanyowa umamwazika.

Maki ndi mpunga wokhala ndi nsomba kapena zamasamba pakati, umene amakulunga mu nori, ndere zouma za m'nyanja yamchere, pa kamphasa ka nsungwi, n'kudula zidutswa 6 kapena 8 ndi mpeni wonyowa. Idyani msanga nori asanafewe.

Ongoyamba kumene, yambani ndi maki wa nkhaka. Chambo musachiyese chachiwisi: nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi nyongolotsi.