Sukulu ya akulu ya ku Chinamwali: zimene ndaona ine wophunzira

Anthu angapo akhala akundifunsa pa shopu yanga yosokera za sukulu ya akulu imene ndimapita masana. Ena akufuna kutumizako makolo awo, ena akufuna kulowa okha koma manyazi awagwira. Ndaona kuti ndilembe zonse kamodzi, zokoma ndi zowawa zomwe.

Sukuluyi imachitikira m'chipinda cha tchalitchi china kuno ku Chinamwali, ku Zomba, katatu pa sabata, kuyambira 2 koloko mpaka cha m'ma 4. Salipiritsa. Ikuyendetsedwa ndi kabungwe kena kamene kanapeza thandizo la ndalama kuchokera kunja, ndipo aphunzitsi onse ndi odzipereka, salandira malipiro. Awiri ndi ana a ku yunivesite ku Chirunga, mnyamata ndi mtsikana, wachitatu ndi mayi amene anapuma ntchito atauphunzitsa pulayimale moyo wawo wonse. Magulu alipo awiri. Loyamba ndi la amene sanagwirepo pensulo, amayambira pa a, e, i, o, u, kenako masamu. Lachiwiri ndi lathu la Chingerezi, ife olekera panjira. Ine ndinalekera Sitandade 6 mu 1993 fizi itavuta, ndipo pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ndinali nditayamba kale ntchito yam'nyumba.

Chimene chandisunga pa sukuluyi ndi kaphunzitsidwe. Ndinkaganiza kuti atiimbitsa nyimbo za ana a Sitandade 1, koma ayi. Tsiku loyamba mtsikana uja anatifunsa mmodzimmodzi, "Amayi, inu Chingerezi mukuchifunira chiyani?" Bambo wina wa kabaza anati amanyamula alendo koma sagwirizana nawo mtengo. Mayi wina amagulitsa zipatso m'njira yokwera ku Chawe, amangoloza ndi zala. Ine ndinati ndimaluza maoda a yunifolomu chifukwa masukulu amafuna kotesheni yolemba, ndipo ndikapempha mwana wanga kuti andilembere amaiwala zina. Mtsikanayo analemba zonsezi m'kope mwake, natiuza kuti tizibweretsa mapepala a kunyumba amene amatisowetsa mtendere. Ndiye phunziro lathu limachokera pa kabuku ka kuchipatala, pa risiti, pa botolo la mankhwala a mbewu, pa lipoti la mwana la kusukulu, pa uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba. Tsiku lina tinathera maola onse awiri pa uthenga umodzi wa pa foni, kusiyanitsa ndalama imene yalowa, imene adula, ndi imene yatsala. Panali bambo wina wachikulire amene anaulula kuti amangopereka foni yake kwa ejenti n'kumuuza nambala yachinsinsi mokweza, anthu ali pamzere. Lero amadina yekha.

Kotesheni yanga tinailembera limodzi pa bolodi: nsalu mamita angati, mabatani, ulusi, zipi, ntchito ya manja, ndi tsiku lobwera kudzatenga. Ndinaikopera bwinobwino, ndipo pepalalo ndinalimata pakhoma pafupi ndi makina. Kulankhula ndiye kukadali kolemera, lilime limakana, koma polemba sindidikiranso munthu.

Mayi opuma ntchito aja ndi amene ndimawavulira chipewa. Amaphunzitsa gulu loyamba, momwe muli azakhali anga a zaka zoposa 60. Ndinawaonera pazenera tsiku lina. Azakhali anagwira pensulo ndi dzanja lonse, kukanikiza mpaka pepala kubooka. Aphunzitsiwo anakoka mpando n'kukhala pambali pawo, nawagwira dzanja. "Achemwali, mwaigwira ngati khasu. Imasuleni, ikhale pa zala zitatu zokha." Anatsogolera dzanjalo pang'onopang'ono, chilembo chimodzi kubwereza mzere wonse, osakweza mawu. Akakhota amangoti tiyeni tionenso. Azakhaliwo tsopano amalemba dzina lawo, ndipo ku banki mkhonde amatsegula okha kabuku kawo kuona ngati masheya awo alembedwa onse. Ana a ku yunivesite ali ndi mtima wabwino, koma nthawi zina amathamanga, amaiwala kuti munthu wabwera atatopa ndi msika. Mayiwa amadziwa kudikira, ndipo luso limenelo silipezeka m'masiku atatu a maphunziro amene kabungweka kanapatsa aphunzitsi poyamba.

Tsopano za ndalama, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga uli. Ife ophunzira sitinauzidwe kuti thandizolo ndi lochuluka bwanji, koma maso tili nawo. Tsiku lotsegulira panali matenti, zimkuzamawu, matisheti, chikwangwani chachikulu ndi chakudya cha alendo. Sabata yotsatira tinapeza kuti buku limodzi tizigawana anthu atatu, ndipo silipita kunyumba. Munthu wamkulu amafuna kubwereza usiku ana atagona, nanga abwereza chiyani? Choko chikatha amagula ndi aphunzitsi m'thumba mwawo. Kangachepe ka transipoti kamene anawalonjeza kamabwera mochedwa miyezi, ndiponso mlingo wake anauika kalekale, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, osakakwezanso. Mnyamata uja amachita lendi ku Chikanda, ndipo ndamuonapo akufika wapansi, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kuphunzitsa osapuma n'komwe. Munthu kudzipereka sikutanthauza kuti azidya mphepo. Zimandipweteka, chifukwa sukulu yonseyi yaima pa anthu atatu amenewa, koma pa kagawidwe ka ndalama iwo ndi omaliza kukumbukiridwa.

Akuluakulu a kabungweka akabwera amafuna kaundula wa maina ndi zithunzi. Ndikumva kuti opereka ndalama amafuna umboni, ndipo zimenezo sizolakwika. Koma kaundulayo amawerenga amene analembetsa, osati amene atsala. Gulu lathu latsika pafupifupi ndi theka, ndipo palibe amene anapita kukafunsa osiyawo chifukwa chake. Akanafunsa akanamva zinthu zosavuta kukonza. Agogo awiri anasiya chifukwa saona pa bolodi, ankangoti mutu ukuwawa, pamene vuto ndi magalasi owerengera, amene mtengo wake sungapose wa matisheti aja. Abambo ambiri anathawa chifukwa mazenera ayang'ana kumsewu, ana akaweruka amasuzumira n'kumaseka. Makatani ndinasoka ndine ndi zidutswa za m'shopu, koma abambo anali atapita kale.

Kalendala nayo ikutsata mapepala a opereka ndalama osati moyo wa anthu. Mayeso anatiikira mu Januwale, anthu ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, ena ali pa ganyu chifukwa ufa watha m'nyumba. Yunivesite ikatseka, aphunzitsi awiri amapita kwawo, mayi aja n'kutsala ndi magulu onse. Amayesetsa, koma munthu mmodzi sangaphunzitse zilembo mbali ino ndi Chingerezi mbali inayo nthawi imodzi.

Sukulu za akulu sizachilendo m'dziko muno. Makolo athu ankazitcha sukulu za kwacha, ndipo boma lili ndi ndondomeko yake kuyambira 1986, imene yakhala ikuyenda kudzera mu unduna woona za jenda, ndi alangizi a chitukuko amene timawaona m'midzimu. Chondidabwitsa n'chakuti kabungwe kathu kakuyenda pakokha, mlangizi sindinamuonepo m'kalasi mwathu. Thandizo lakunja lili ndi tsiku lake lothera, atiuza kale zimenezo. Likadzatha, adzatenge kalasiyi ndani? Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 69 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ndi amene amatha kulemba ndi kuwerenga, ndipo amayi ndiwo otsalira. Ntchito yotere siyotha ndi thandizo la kanthawi. Zomba ndi mzinda wa masukulu, yunivesite ili pomwepa, koleji ya aphunzitsi ili ku Domasi, koma mumsika waukulu muli amayi ambiri amene sangawerenge risiti ya khonsolo imene amalipira tsiku ndi tsiku.

Chinanso muchidziwiretu: setifiketi imene amapereka pomaliza ndi ya kabungweka basi. Siilowa m'malo mwa ya Sitandade 8, ndipo njira yoti munthu apitirire mpaka mayeso a boma sanaikonze. Mayi wina wa m'gulu mwathu akulakalaka MSCE, ndipo tonse tikudziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi setifiketi imeneyo siituluka. Aphunzitsi amuuza kuti akafunse ku sukulu za masana zija zotchedwa open, koma uko n'kolipira.

Kodi mupite? Ine ndikuti pitani, makamaka ngati cholinga chanu ndi kudziwerengera nokha mapepala anu ndi foni yanu. Mutenge makope awiri ndi pensulo zanu, musadalire zogawa. Ngati maso amavuta, muyambe mwakayezetsa. Pofika mufunse kuti thandizo lilipoli litha liti, ndiponso kuti yunivesite ikatseka aphunzitse ndani, kuti musadzadabwe pakati pa njira. Amene muli ndi makolo amanyazi, aperekezeni tsiku loyamba, mukhale nawo pa benchi mpaka aweruke.

Ndipo kwa aphunzitsi opuma ntchito amene muli ku Matawale, ku Sadzi kapena kuno ku Chinamwali, tikukufunani. Gulu loyamba likusowa munthu wachiwiri wogwira anthu dzanja, ngakhale Lachitatu lokha, makamaka miyezi imene ana a ku Chirunga ali pa holide.