Band-in-a-Box, Magenta Studio kapena Sonic Pi: iti imakupatsa chuni chomwe ungachigwire m'manja?

Anzanga amene timapeka nawo nyimbo akhala akundifunsa funso lomweli mpaka ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndingolemba kamodzi. Koma ndiyambe ndi chimene chinandipweteka, chifukwa ndi chomwe chinandiphunzitsa poyang'ana.

Chaka chatha ndinalembetsa pa pulogalamu ina ya pa intaneti, dzina ndisunga. Umangosankha kiyi, liwiro ndi mtundu wa nyimbo, kenako iyo imakuimbira chuni. Usiku wachiwiri inatulutsa kachuni kena mu G, kokwera pang'onopang'ono kuchoka pa mi kufika pa la, kenako n'kutsika ngati munthu amene wapuma mozama. Ndinakamvera mwina kakhumi. Noti imodzi yokha kumapeto ndi imene sinkandisangalatsa, ndipo ndinkafuna kuitsitsa. Nditadina kuti nditenge fayilo ya MIDI, yomwe imasunga manoti, panatuluka uthenga wakuti ndalama imene ndikulipira pamwezi ndi yongomvera ndi kutenga mawu ojambulidwa. Manoti enieniwo ali pa mlingo wina wokwera mtengo. Zimenezi sanazilembe pamene ndinkalipira, zinali pansi penipeni m'zilembo zing'onozing'ono. Ndinakwiya, ndinatseka. M'mawa mwake nditabwerera, kachuni kaja kanali katapita, ndipo ngakhale ndinasankha zonse chimodzimodzi, kanatuluka kena. Mpaka lero ndimakumbukira theka lake lokha.

Kuyambira pamenepo, pulogalamu iliyonse ndimaifunsa zinthu ziwiri: kodi manoti undipatsa, nanga chuni chimene wandiimbira lero ndingachipezenso mawa? MIDI si chinthu chapamwamba choti munthu azikulipiritsa padera. Yakhalapo kuyambira 1983, ndipo ndi mndandanda chabe wonena kuti noti yakuti iyambe pano, ithere apa, ilire mwamphamvu chotere. Ukakhala nayo, umasuntha noti imodzi osakhudza zina.

Band-in-a-Box ndi gogo wa onsewa. Ndi ya kampani ya PG Music ya ku Canada ndipo inayamba kutuluka mu 1990. Maonekedwe ake amasonyezadi zaka, mabatani ali mbwee moti tsiku loyamba sudziwa poponda. Koma pa nkhani ya chuni chokhala ndi kwawo, chimene chimachoka pa do, kukayendayenda, n'kubwerera pa do khutu n'kukhutira, palibe mnzake pa atatuwa. Chifukwa chake n'chosavuta: imayambira pa makodi, magulu a manoti olira pamodzi amene amaperekeza chuni. Umalemba C, Am, F, G7 m'timabokosi, n'kusankha sitayilo, ndiye gawo lake lotchedwa Melodist limakoza chuni pamwamba pa makodiwo. Imathanso kupanga nyimbo yonse ya ma bar (tizigawo tofanana ta kugunda kwa nyimbo) 32 mwa dongosolo la AABA, kutanthauza kuti ndime yoyamba imabwerezedwa, pakati pamabwera china, kenako yoyamba ija imabweranso. Kubwereza kumeneku n'kumene kumachititsa kuti munthu achigwire chuni pamutu. Vuto lake, nthawi zina machuni ake ndi aulemu mopitirira, ngati mwana amene safuna kulakwitsa pamaso pa aphunzitsi. Sudzadabwa nawo kawirikawiri. Imagulidwa, koma MIDI umaitenga popanda wokufunsa china.

Magenta Studio ndi ya gulu la Magenta la ku Google, ndipo ndi yaulere. Apa chenjerani: imagwira ntchito mkati mwa Ableton Live, pulogalamu yopangira nyimbo, kudzera mu chowonjezera chake chotchedwa Max for Live, chimene chimabwera ndi Live Suite (mtundu wa Live wokhala ndi zonse) kapena kugulidwa padera. Ngati mulibe kale zimenezi, ulere wakewo ukutengerani kutali. Ili ndi zida zisanu, koma za chuni ndi zitatu. Generate imakupatsa ma bar anayi kuchokera popanda kanthu, Continue imapitiriza zimene wayamba iwe, ndipo pali kabatani kokoka kotchedwa temperature: ukakatsitsa imasamala, ukakakweza imayamba kulumphalumpha mpaka kutuluka mu kiyi. Generate ndi Continue ine sindizigwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa sizidziwa makodi amene ndili nawo m'mutu.

Chimene chimandisunga kumeneko ndi Interpolate. Umaipatsa machuni awiri ofanana kutalika, iyo n'kukupangira ena okhala pakati pawo, mpaka 16, woyamba wofanana ndi chuni chakumanzere, womaliza wofanana ndi chakumanja. Ndinayesa kuika kachuni koyenda pang'onopang'ono mbali ino, kothamanga mbali inayo. Zakumapeto zinali zodziwikiratu, koma chachisanu ndi chiwiri chinali ndi kakhotedwe kamene ine ndekha sindikanakaganiza, kanoti kochedwa pang'ono kugwa kenako n'kuthamangira anzake. Pofufuza njira zatsopano, chida ichi n'chokoma zedi.

Tsono Sonic Pi. Ndivomere, ndili nayo mbali. Anailemba Sam Aaron ali ku University of Cambridge pofuna kuphunzitsa ana kulemba mapulogalamu, ndi yaulere kwathunthu, ndipo imayenda ngakhale pa kakompyuta ka Raspberry Pi. Mulibe nzeru zopeka nyimbo m'menemo. Umalemba wekha malamulo. Mzere ngati play scale(:c4, :major).choose umaiuza kuti itole noti iliyonse mu sikelo ya C, sleep 0.5 n'kuiuza kuti idikire pang'ono isanatole ina. Ukangosiyira pomwepo, chotuluka n'chosokosera: manoti onse ali mu kiyi, koma akungoyenda ngati munthu wosochera, chifukwa fa ndi ti zikupatsidwa mwayi wofanana ndi mi ndi so.

Phindu lili pamenepo. Unayamba wadzifunsapo chifukwa chake chuni china chimamveka chomalizika? Mu Sonic Pi umayesa wekha. Ndinaika lamulo loti noti yotsatira izikhala yoyandikana ndi yapitayo, kulumpha kuzichitika mwa apo ndi apo. Nthawi yomweyo zinayamba kuimbika. Ndinaonjeza loti pa kugunda kwamphamvu pazigwera do, mi kapena so. Kenako loti ti azikwera kupita pa do, ndipo noti yomaliza izikhala do yaitali. Lamulo lililonse ndimalimva m'khutu likulowa, ndikalichotsa ndimamvanso chasowa.

Ndipo pa funso langa lachiwiri lija, Sonic Pi imayankha bwino kuposa onse. Kutola kwake manoti kumaoneka kwachisawawa, koma ukadina Run kawiri umamva zomwezo kawiri. Kuti zisinthe, umasintha nambala pa use_random_seed. Ine ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo: 12 yoipa, 13 yoipa, 14 chiyambi chabwino, 27 yosunga. Patatha miyezi ndimalemba 27, chuni chija chimabwera osasowa noti ngakhale imodzi. Pamene imavuta ndi potulutsa: imajambula mawu mosavuta, koma manoti umachita kuwatumiza monga MIDI ku pulogalamu ina yoti iwalandire, ndipo kulumikiza kumeneku kunandidyera madzulo onse tsiku loyamba.

Za MuseScore musandifunse pano. Ndi yolembera ndi kuonera manoti, ndipo ndi kumene ndimatsegulira mafayilo a atatu enawa ndikafuna kukonza.

Ndiye amene ali ndi makodi kale ndipo akufuna chuni choimbika msanga, agule Band-in-a-Box, apirire maonekedwe. Amene ali kale ndi Live Suite aike Magenta Studio lero, apite molunjika pa Interpolate. Ine ndikhalabe pa Sonic Pi, ndipo sabata ino ndikuyesa kuiphunzitsa theka lija la kachuni ka mu G, ndione ngati pali nambala imene ingandibwezere theka linalo.