Kampani yobwereketsa galimoto ku Tete: dalaivala ndi munthu, koma mu ofesi muli bodza

Ndemangayi ndikulembera makamaka anzanga a ku Angónia amene tikugwira ntchito ku Johannesburg, amene mukabwera kumudzi patchuthi mumafuna kuyendako ndi banja, kuti mudziwe zimene kampani ina yobwereketsa galimoto ya mumzinda wa Tete inatichita m'mwezi wa Ogasiti. Mtengo unali womwe ankalengeza pa Facebook, mametikali 60,000 galimoto ndi dalaivala, mafuta n'kugula tokha, ndipo theka anaperekeratu mlamu wanga pa M-Pesa ife tisananyamuke ku Joni. Tinagwirizana kuti atitenge ku Ulongwe, atiperekeze ku Gorongosa kukaona nyama, kenako ku Vilankulo, chifukwa amayi anga akalamba akulima mbatata ya kachewere osaionapo nyanja yamchere. Galimotoyo inabwera yotsukidwa bwino ndipo kuchokera ku Tete kudzera ku Changara ndi Catandica mpaka ku Chimoio sinatichititse manyazi.

Mayi wa mu ofesi ananditsimikizira pa WhatsApp kuti m'ndalama imeneyi muli zonse, ndiponso kuti galimoto yomweyo idzatizungulitsa m'nkhalango. Titafika ku Chitengo, msasa wa alendo wa paki ya Gorongosa, ogwira ntchito kumeneko anatifotokozera mwaulemu kuti galimoto za alendo zimathera pamsasapo, ndipo wofuna kuona nyama amakwera galimoto ya paki pamodzi ndi wolondolera alendo, n'kulipira munthu aliyense payekha. Ife tinalipo asanu ndi awiri. Ndinaimba foni ku ofesi mpaka kutopa, osayankhidwa, koma dalaivala ataimba pa foni yake, mayiyo anayankha nthawi yomweyo. Mawu ake sindinawaiwale: "Bambo, ife tinati tikakufikitsani ku Gorongosa, ndipo mwafika. Zanyamazo si zathu." Nditamuwerengera uthenga umene analemba yekha, anati unalembedwa ndi mnyamata wophunzira ntchito, kenako anaseka n'kunena kuti kwa ife a ku Joni ndalama si nkhani. Apa m'pamene mtima unandipweteka, chifukwa ndalama imene iye amaiona ngati yotola inasonkhanitsidwa ndi munthu wodzuka usiku m'nyengo yozizira ya ku Gauteng, ndipo zonsezi ankazinena amayi anga ndi ana akumva. Ndinatenga ndalama imene ndinasungira ulendo wa pabwato n'kulipira.

Pakiyo ndilibe nayo mlandu. Tinaona njati, njiri, mvuu ndi agwape osawerengeka pachigwa, ndipo wolondolera alendo anatifotokozera kuti nkhondo ya 1977 mpaka 1992 inatha pafupifupi nyama zonse zikuluzikulu, ndi kuti ntchito yozibwezeretsa inalimba boma litasainirana pangano ndi bungwe la Greg Carr, mpondamatiki wa ku America, mu 2008. Anationetsa njovu zazikazi zopanda minyanga, zimene zinachuluka chifukwa zaminyanga ndi zimene zinkaphedwa. Imodzi inatitambasulira makutu n'kuimika chitamba, ana n'kubisala pansi pa mipando, koma amayi, amene panthawi ya nkhondoyo anathawira ku Dedza atandibereka kumbuyo, anangoti, "Mwananga, isiyeni, nayonso ikukumbukira." Nditaona njovu imeneyo ndinavomereza kuti kulowa m'nkhalangomo ndi galimoto yathu kukanakhala kuika banja pachiswe, ndipo munthu amene amagulitsa maulendo a ku Gorongosa sangauze anthu kuti lamuloli salidziwa.

Polowera ku Vilankulo, msewu wa EN1 kuchokera ku Inchope kupita ku mlatho wa mtsinje wa Save unali wokumbika kwambiri. Tayala linaphulika tisanafike ku Muxúnguè, ndipo lapadera limene ofesi inatipatsa linali lopanda mpweya.

Kuyambira pamenepo mkwiyo wanga unayamba kugawikana, chifukwa cha dalaivala. Ndi bambo wachikulire wa ku Moatize, wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chichewa, ndipo sanadandaule ngakhale kamodzi. Anatikhazika pamthunzi, anaimitsa njinga yamoto, anapita nalo tayalalo kukapopetsa, ndipo pobwera anagulira ana nanazi ndi ndalama ya m'thumba mwake. Ku Vilankulo, atadziwa kuti ndalama ya bwato ndinaisiya ku Chitengo, analawirira m'mamawa kugombe kukanenerera kwa mwini bwato lathanga mpaka mtengo wopitira ku chilumba cha Magaruque unatsika kufika pamene ndikanakwanitsa. Dalaivalayo ndi amene anatichenjeza kuti kumeneko ulendo umayendera madzi, chifukwa akaphwa amabwerera kutali kwambiri n'kusiya mabwato atagona pamchenga. Pokwera, bwato linaima patali pang'ono, madzi ofika m'chiuno, ndipo amayi anakana kwamtuwagalu. Bamboyo anapinda buluku, anagwada n'kunena kuti, "Amayi, lero ndine mwana wanu, kwerani," n'kuwabereka mpaka m'bwato, iwo akuseka atagwiritsa chitenje ndi dzanja limodzi. Pachilumbapo analawa madzi n'kulavula, akufunsa kuti nsomba zimapirira bwanji mchere wotere, pamene ana ankasambira ndi magalasi akuona nsomba zamitundumitundu pafupi ndi miyala. Nsomba yowotcha ndi mpunga zimene amalinyero anatiphikira zinali zabwino.

Titabwerera ku Tete ndinapita ku ofesi ndi malisiti a ku Chitengo kuti andichotsere pa theka lotsala. Mayi uja anati bwana wake ali ku Beira, ndipo ndikapereka ndalama yoperewera adzaidula pamalipiro a dalaivala. Ndinalipira yonse chifukwa cha bamboyo, ndipo kalata yanga yodandaula sinayankhidwe mpaka lero. Ngati mungabwereke galimoto kumeneko, funsani dalaivala wa ku Moatize, yang'anani nokha tayala lapadera, ndipo chilichonse chimene akulonjezani achilembe papepala lokhala ndi chidindo. Panopa ndaona kuti ayamba kulengeza ulendo wa ku Gorongosa wa pa Khirisimasi, chonsecho pakiyo imatsekedwa m'nyengo ya dzinja chifukwa misewu yake imadzaza madzi, choncho musanatumize ndalama yambani mwafunsa ku paki kweniko.