SWOT, PESTEL, Porter ndi VRIO: chida chiti chimaunika bwino bizinesi?

Mapulani ambiri a bizinesi amene amapita ku banki kukapemphera ngongole amakhala ndi tsamba la mabokosi anayi lotchedwa SWOT. Mukawerenga angapo mumapeza kuti akuyimba nyimbo imodzi: mphamvu zathu ndi "antchito odzipereka", chofooka ndi "kuchepa kwa mpamba", mwayi ndi "kukula kwa msika", chiopsezo ndi "opikisana nafe". Mawu amenewa angalembe wa chigayo, angalembenso wa sukulu ya mkaka, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Zimatere chifukwa SWOT imasenzetsedwa katundu wa zida zina zitatu, zomwe ndi PESTEL, mphamvu zisanu za Porter, ndi VRIO.

Kuti tiyerekeze mwachilungamo, zonse zinayi tiziyesa pa bizinesi imodzi yongoganizira: bekare yapakatikati mu mzinda ngati Lilongwe kapena Blantyre, yokhala ndi mauvuni awiri a magetsi, jenereta, ndi galimoto zitatu zogawa buledi m'magolosale ndi m'maokala.

PESTEL: zakunja zimene simungazisinthe

Zilembo zisanu ndi chimodzizi zikuyimira ndale, chuma, kakhalidwe ka anthu, luso lamakono, chilengedwe ndi malamulo. Gwero lake ndi ntchito ya Francis Aguilar wa ku Harvard ya mu 1967, yomwe inali ndi mbali zinayi zokha. Chilengedwe ndi malamulo zidawonjezedwa pambuyo pake. PESTEL siyang'ana mkati mwa kampani ngakhale pang'ono. Imafunsa za nyengo imene aliyense akugwiramo ntchito.

Kwa wophika buledi m'Malawi, mbali ya chuma imaposa zina zonse kulemera. Tirigu wambiri amachokera kunja, choncho mtengo wa thumba la ufa umatsata dola. Mu May 2022 Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Kulemba chabe kuti "kwacha ikugwa" sikuthandiza. Tengani K100 iliyonse imene mumawononga pophika lofu, muone kuti ndi zingati zimatsata dola: ufa, yisiti, mafuta ophikira, dizilo, mapepala okutira. Ngati zikukwana K60, kukwera kwa 44 peresenti kumawonjezera pafupifupi K26 pa K100 ija. Nambala imeneyi ndiyo yolemba pa pepala, chifukwa ndiyo ikuuzani mtengo umene lofu liyenera kufikapo kuti musagwire ntchito yaulere.

Mbali ya chilengedwe nayo si nkhambakamwa. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire mu January 2022, magetsi okwana pafupifupi 130 MW adachoka kwa nthawi yoposa chaka. Kwa bekare zimenezo zikutanthauza maola ambiri a jenereta, komanso ufa wokandakanda womwe watupa kale uvuni n'kuzima. Ku malamulo kuli chiletso cha mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60, miyezo ya Malawi Bureau of Standards, misonkho ya MRA ndi malipiro otsikitsitsa amene boma limalengeza.

Chimene chimalakwika ndi PESTEL n'chakuti imasanduka nyuzipepala: mfundo makumi atatu, zonse zoona, koma palibe yosonyeza chochita. Mankhwala ake ndi osavuta. Mfundo iliyonse ipatseni malikisi awiri a 1 mpaka 5, ena oyeza ngati ingachitike m'miyezi 12 ikubwerayi, ena oyeza kupweteka kwake pa phindu. Chulukitsani awiriwo, musunge mfundo zisanu zapamwamba, zotsalazo muzitaye. Anthu awiri odziwa mabuku a kampani angamalize ntchitoyi tsiku limodzi. Koma dziwani malire ake: PESTEL ya bekare yanu ndi ya bekare ya mnzanu wa tsidya la msewu zimatuluka zofanana. Imanena kuti mvula ikubwera, osati denga la ndani likudontha.

Mphamvu zisanu za Porter: phindu likuthera m'thumba la ndani?

Michael Porter wa ku Harvard Business School adafalitsa njirayi mu 1979. Imayang'ananso kunja, koma pafupi, pa msika weniweni umene mukugulitsapo. Mphamvu zisanuzo ndi za okugulitsani zipangizo, za ogula, za atsopano amene angalowe, za zinthu zina zolowa m'malo mwa katundu wanu, ndi mpikisano wa amene alipo kale. Pa zida zinayizi, ichi ndicho chofuna thukuta, chifukwa mayankho ake sapezeka mu ofesi.

Yambani ndi okugulitsani ufa. Makampani ogaya tirigu ndi ochepa poyerekeza ndi mabekare, ndipo wochepa ndiye amalamula mtengo. Mafunso oyeza mphamvu yawo ndi atatu: pa matumba 100 aliwonse, ndi angati amachokera kwa wogulitsa mmodzi? Amakupatsani masiku angati a ngongole? Atasiya kukupatsani lero, mungapeze ufa wina wofanana m'masiku angati? Ngati mayankho ndi 80, ziro, ndi sabata ziwiri, phindu lanu lili m'manja mwake.

Ogula a bekare yotere si anthu odya buledi, koma opikula. Mwini okala sataya kanthu akasiya buledi wanu n'kutenga wa wina amene wamuchotsera pang'ono, kapena amene amalandira buledi wotsala osakangana. Masitolo akuluakulu ena amaphika wawo, kotero wanu amamuika pa shelefu yapansi ngati amulandira n'komwe. Za atsopano nkhani imagawika pawiri. Kuyamba kuphika masikono ndi uvuni wa njerwa n'kosavuta, ndipo anthu amayamba tsiku lililonse. Kupanga malofu odulidula mazanamazana n'kuwafikitsa m'mashopu tambala asanalire kachiwiri kumafuna makina ndi galimoto, ndiye mpanda wake ndi wautali.

Mphamvu imene ambiri amaidumpha ndi ya zolowa m'malo, pomwe pa buledi ndiyo yoluma kwambiri. Wopikisana nanu wamkulu mwina alibe uvuni n'komwe. Ndi mayi wogulitsa mbatata pa msika, wa chinangwa chophika, wa mandasi, wa zitumbuwa, ngakhale mkute wa dzulo. Nthawi yokolola, mulu wa mbatata umadyetsa banja lonse kadzutsa pa mtengo umene lofu silingayerekeze. Choncho musayerekeze mtengo wa lofu lanu ndi lofu la mnzanu lokha. Werengani mtengo wa kadzutsa wa banja la anthu asanu pa buledi, pa mbatata ndi pa phala, mwezi ndi mwezi. Pamene kusiyanako kwakula ndi pomwe pali denga la mtengo wanu.

Mpikisano wa omwe alipo kale umakula chifukwa buledi sakhalitsa. Wa simenti akhoza kudikira mwezi, wa buledi ayenera kugulitsa lero, ndiye chiyeso chotsitsa mtengo chimabwera m'mawa uliwonse. Apa tingodutsapo ndi chenjezo: kukhala pansi ndi opikisana nanu n'kugwirizana mtengo umodzi n'kuphwanya lamulo, ndipo Competition and Fair Trading Commission ilipo chifukwa cha zomwezo.

Njira ya Porter imasokonekera mukalakwitsa malire a msika. Mukati "msika wa zakudya m'Malawi" mwatambasula kwambiri, ndipo mayankho onse adzakhala "pakatikati". Malire oyenera a bekare ndi mtunda umene galimoto ingafike buledi akadali wofewa, mashopu asanatsegule. Njirayi imafookanso pa zinthu zoyendera limodzi ndi katundu wanu. Buledi amayenda ndi tiyi, ndiye shuga akasowa kapena akadula, malofu amatsala m'mashopu, pomwe shuga sali pa mphamvu zisanu zija. Patulani sabata imodzi kapena ziwiri, mukwere galimoto yogawa buledi, mulankhule ndi opikula osachepera makumi awiri.

VRIO: zamkati, popanda kudzinyengerera

Apa ndipo diso limatembenukira mkati. Njirayi idachokera kwa Jay Barney, yemwe mu 1991 adalemba za chuma cha mkati mwa kampani chimene chimaipatsa mwayi wokhalitsa. Chinthu chilichonse chimene mumanyadira mumachifunsa mafunso anayi motsatana: kodi chimabweretsa ndalama kapena kuchepetsa zowononga? Kodi n'chosowa? Kodi n'chovuta kutengera? Kodi kampani yakonzeka kuchidyerera? Mukapeza "ayi" woyamba, imani pomwepo.

Uvuni watsopano umadutsa funso loyamba n'kugwa pa lachiwiri, poti aliyense wa ndalama angaugule. Mkulu wophika waluso amadutsa awiri, koma wina akhoza kumukopa ndi malipiro abwino mwezi wamawa, ndiye luso lakelo si la kampani pokhapokha litalembedwa ndi kuphunzitsidwa kwa ena. Chimene chimafika patali kawirikawiri n'chosaoneka: mashopu mazana awiri amene mwakhala mukuwafikira kwa zaka, mukudziwa wobweza ngongole ndi wozemba, wofuna malofu khumi Lolemba ndi makumi atatu Loweruka. Zimenezi mnzanu sangazigule. Koma ngati zonsezo zili m'mutu ndi m'foni ya dalaivala, funso lachinayi lagwa, ndipo tsiku limene adzachoke adzapita ndi msika wanu.

Mdani wa VRIO ndi mwini bizinesi amene amadziyankha yekha "inde" kanayi. Mayankho atsamire pa manambala: malofu angati pa thumba la 50 kg, angati amabwezedwa pa 100 aliwonse, malita angati a dizilo pa tsiku. Funsaninso makasitomala amene adakusiyani, chifukwa iwowo sakunyengererani. Zinthu khumi n'zokwanira, ndipo musadabwe ngati chimodzi chokha chadutsa mafunso onse.

SWOT: nkhokwe, osati munda

SWOT payokha siifukula chilichonse chatsopano. Ndi posungira zimene zida zina zakolola: mphamvu ndi zofooka zichokere ku VRIO, mwayi ndi ziopsezo zichokere ku PESTEL ndi Porter. Ubwino wake ndi woti imaika zamkati ndi zakunja pa tsamba limodzi, ndipo wa ku banki kapena mnzanu wa mu bizinesi amaimva m'mphindi ziwiri. Zida zinazo sizitha kutero.

Zolakwika ziwiri zimabwerezedwa. Choyamba ndi kusokoneza zamkati ndi zakunja. Muyezo wake ndi uwu: ngati mungachisinthe ndi chiganizo chanu, n'chamkati. Kuzimazima kwa magetsi ndi chiopsezo, koma kukhala ndi jenereta yaing'ono yosakoka mauvuni onse awiri ndi chofooka. Chachiwiri ndi kulemba mapulani m'bokosi la mwayi. "Kutsegula nthambi ku Mzuzu" ndi chofuna chanu. Mwayi ungakhale woti kudera linalake kwamangidwa nyumba zambiri ndipo palibe wofikitsako buledi m'mawa.

Bokosi lililonse likhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi, iliyonse ndi nambala yake. Kenako lumikizani mabokosiwo awiriawiri, monga adaphunzitsira Heinz Weihrich mu 1982 pa njira yotchedwa TOWS. Mphamvu ya mashopu mazana awiri ikakumana ndi chiopsezo cha kudula kwa lofu, chotuluka ndi kuyika m'galimoto momwemo theka la lofu ndi masikono a mtengo wotsika. Chofooka chodalira wogulitsa ufa mmodzi chikakumana ndi kusowa kwa ndalama zakunja, chotuluka ndi kuyamba kuoda gawo la ufa kwa wachiwiri, ngakhale atadulirapo pang'ono.

Nkhani imodzi, mayankho anayi

Tengani kugwa kwa kwacha kwa mu November 2023. PESTEL ikadakuuzani kuti ngozi ikubwera, ndi kuti idzawonjezera zingati pa lofu. Porter akadakuuzani kuti wogaya ufa adzakankhira kukwerako kwa inu tsiku lomwelo, pomwe inu simungakankhire konse kwa ogula chifukwa mbatata ili pafupi. VRIO ikadasonyeza ngati muli ndi chokupulumutsani kuposa anzanu. SWOT ikadangolemba "kugwa kwa kwacha" m'bokosi la ziopsezo, pokhapokha zitatu zija zitaidyetsa.

Ndiye wosankha asankhe potengera funso lake. Amene akufuna kulowa msika watsopano ayambe ndi Porter, chifukwa msika umene phindu lake limathera kwa ogulitsa zipangizo sungakomere ngakhale wakhama. Amene katundu wake amadalira dola, mafuta kapena chilolezo cha boma asadumphe PESTEL. Amene akuona anzake akumupitirira pa msika womwewo, nyengo ili yomweyo, vuto lake lili mkati ndipo afunika VRIO. Bizinesi yaing'ono yokhala ndi sabata imodzi yokha ichite Porter ndi mbali ya chuma ya PESTEL, zinazo zidikire.

Nthawi yobwereza nayo imasiyana. VRIO ndi Porter zimakwana kamodzi pa chaka, pokhapokha patalowa wopikisana wamkulu kapena pachoka munthu wofunika. PESTEL imakalamba msanga. Ibwerezeni miyezi itatu iliyonse, komanso nthawi iliyonse nduna ya zachuma ikapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, MERA ikasintha mtengo wa mafuta kapena magetsi, ndiponso Reserve Bank ikasuntha chiwongoladzanja. Tsiku lomwelo tsegulani pepala la K100 lija, musinthe manambala, muone pomwe mtengo wa lofu wafika.