Makhadi ositidwa ndi osasitidwa: zimene dzinja la ku Chipata laulula

Papita miyezi 8 chisungireni makhadi akale a mpira m'timatumba ta pulasitiki ya polypropylene, kenako m'ma toploader (tizikwama ta pulasitiki yolimba tolowetsamo khadi), m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi timapaketi tiwiri ta silica gel, timibulu toyamwa chinyezi. Analowa mu Okutobala kukutentha, ndipo mvula yonse yawadutsa. Amene anangopukutidwa fumbi ndi kansalu kouma ka microfibre ali bwinobwino. Silica imakhuta chinyezi dzinja lili pakati, choncho muziyisintha. Timatumba ta pulasitiki ya PVC tokha ayi: timatulutsa mafuta, inki n'kumamatira.

Vuto lili pa makhadi "okonzedwa". Khadi lopindika ena amalinyowetsa pang'ono kumbuyo, n'kulipanikiza pakati pa magalasi awiri masiku angapo: kumeneku ndiko kusita. Likamatuluka limaoneka losalala ndithu. Koma ulusi wa pepala unathyoka kale, madzi amangoutupitsa. Pa makhadi otere mzere wa popindika paja unabwerera pofika Febuluwale, ndipo pamalopo kuwala kunazilala. Ndiye kuti amene anagula mu Novembala analipirira chinthu chimene kulibe, ndipo wositayo ankadziwa.

Kupaka maka m'makona oyera n'koipa koposa, chifukwa inki imalowerera mpaka m'mphepete ndipo sichoka. Galasi lokuza ka 10 limaonetsa, tochi ya UV (ya kuwala kwa ultraviolet) nayonso nthawi zambiri imagwira. Za kudula m'mphepete, yezani: khadi la muyezo umene kampani yopanga makhadi ya Topps inayamba mu 1957 ndi 63.5 mm m'lifupi, 88.9 mm m'litali. Komabe musathamangire kuweruza, mafakitale akale ankadula mosiyanasiyana. Chokayikitsa kwambiri ndi m'mphepete moyera, mwakuthwa, pa khadi lomwe nkhope yake yatopa.

Giredi ya akatswiri nayonso ikhoza kukupusitsani. Khadi la wosewera baseball Honus Wagner, la m'gulu la makhadi akale lotchedwa T206, limene katswiri wa hockey Wayne Gretzky ndi mwini timu yake Bruce McNall anagula pa $451,000 mu 1991, kampani yoyeza makhadi ya PSA inalipatsa giredi 8 pa 10. Mu 2013 Bill Mastro, wogulitsa makhadi, anavomera m'khoti kuti analidula m'mbali.

Malire athu ndi awa, abale: kuchotsa fumbi la pamwamba palibe mlandu. Kudula, kupaka, kumata, kusita kapena kutsuka ndi mankhwala kumasintha khadi lenilenilo, ndipo PSA ikazindikira siipereka giredi ya nambala. Ngati khadi ndi lanu loyika pakhoma, chitani zimene mukufuna. Koma likamapita kwa wina, kaya pa WhatsApp kaya pamanja ku msika wa Kapata, lembani pa katumba kake zimene munachita ndi mwezi wake, mtengo utsike moyenerera.