Windy.com m'manja mwa dalaivala wa lole pa nthawi ya namondwe

Akalengeza kuti kukubwera namondwe, dalaivala wa lole amamva mawu awiri otsutsana. A zanyengo amanena kuti amene alibe ulendo wofunika akhale pakhomo, pomwe abwana ndi eni katundu amayembekezera kuti katundu afike pa nthawi imene anagwirizana, popeza kwa iwo ulendo uliwonse wa lole ndi wofunika. Chiganizo chimatsalira amene amagwira chiwongolero, ndipo kawirikawiri amachipanga alibe umboni wina koma mantha ake ndi zimene wamva kwa anzake pamalo oimikapo magalimoto. Ndemanga iyi ndi ya pulogalamu ya zanyengo ya Windy.com, imene ndimaigwiritsa ntchito pa maulendo ataliatali, ndipo ndaiyeza ndi funso limodzi lokha: kodi imamuthandiza dalaivala kudziwa ngati anyamuke, adikire, kapena akane ulendo?

Windy inayamba mu 2014, ndipo anaiyambitsa ndi Ivo Lukačovič wa ku Czech Republic, munthu woyendetsa ndege amenenso amakonda masewera odalira mphepo. Chiyambi chimenechi chimaonekera mpaka lero, chifukwa zambiri za m'pulogalamuyi n'zokomera a ndege ndi a maboti, ndipo palibe gawo lopangidwira oyendetsa malole. Komabe lole yaitali imamvera mphepo kwambiri moti dalaivala wake amapindula ndi zomwezo. Pali pulogalamu inanso ya dzina lofanana, Windy.app, ya kampani ina. Imene ndikunena pano ndi ya chizindikiro chofiira, ndipo imatseguka pa foni ndi pa kompyuta pomwe.

Mukaitsegula mumaona mapu okhala ndi timizere toyenda tosonyeza kumene mphepo ikulowera, ndipo mitundu imasintha kuchoka ku yobiriwira kupita ku yachikasu ndi yofiira pamene mphepo ikukula. Pansi pali kamzere ka nthawi kamene mumakakoka ndi chala, n'kumaona namondwe akusuntha ola ndi ola pamwamba pa msewu umene mukufuna kudutsa. Musanakhulupirire nambala iliyonse, yambani mwaona muyeso umene foni ikugwiritsa ntchito. Knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola, choncho munthu amene waona 45 n'kuganiza kuti ndi makilomita, pomwe foni ikuwerenga ma knot, akupita kukakumana ndi mphepo ya makilomita 83 pa ola. Kusintha muyesowu n'kosavuta, ndipo kumachitika kamodzi kokha.

Phindu lenileni la pulogalamuyi kwa ife lili pa gawo lolembedwa kuti Wind gusts, kutanthauza kuwomba kwa mphepo kwadzidzidzi, osati pa mapu oyamba amene amatseguka okha. Mapu oyambawo amasonyeza liwiro lapakatikati la mphepo pa mamita 10 kuchokera pansi, koma lole sigwetsedwa ndi mphepo yapakatikati. Imagwetsedwa ndi kuwomba kwadzidzidzi kwa masekondi ochepa, kumene a zanyengo amakuyeza pa masekondi atatu, ndipo pamtunda kuwomba kumeneku kumatha kuposa liwiro lapakatikati ndi theka kapena kupitirira apo. Munthu angathe kuona mapu oyamba ali obiriwira bwinobwino, n'kupeza kuti gawo la kuwomba kwadzidzidzi lafiira pamalo omwewo ndi pa ola lomwelo. Ndikanakonda gawo limeneli likanamatseguka loyamba, chifukwa dalaivala amene sanauzidwe za kusiyana kumeneku amatseka foni ali ndi mtima wodekha pa tsiku limene amayenera kuda nkhawa.

Chifukwa chake nambala zimenezi zili zofunika chimamveka tikayang'ana ngolo imene timakoka. Ngolo yotalika mamita 13.6, yotchingidwa ndi tenti m'mbali, imapereka kwa mphepo khoma loposa masikweya mita 35. Mphamvu ya mphepo simakula mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 80 pa ola ikamenya khoma limeneli molunjika imakankha ndi mphamvu yoposa tani imodzi, ndipo imakankhira pamwamba, kutali ndi matayala. Ngolo yodzaza ndi katundu wolemera woikidwa pansi imapirira, koma ngolo yomweyo ikakhala yopanda kanthu, kapena itanyamula katundu wopepuka wosanjikizidwa mpaka kudenga, ndiyo imayamba kunyamuka mbali imodzi. Amene anayendetsapo lole yopanda katundu tsiku la chimphepo amaidziwa mphindi imene galimoto ikutuluka pakati pa mitengo kapena zitunda n'kulowa pamalo poyera: chiwongolero chimakoka m'manja mwadzidzidzi, tenti imatupira mbali imodzi, ndipo mukayang'ana pagalasi mumaona kumbuyo kwa ngolo kwasiya mzere wake. Ichi n'chifukwa chake ulendo wobwerera, umene anthu a muofesi amauona ngati wosavuta poti mulibe katundu, ndiwo umakhala woopsa kwambiri pa tsiku lotere.

Apa m'pamene timizere toyenda tija timagwira ntchito imene chenjezo la pawailesi silingagwire. Chenjezo limanena za chigawo chonse, pomwe Windy imakulolani kuika msewu wanu pansi pa mphepo n'kuona ngati idzakhala ikukumenyani kumaso, kumbuyo kapena m'mbali. Mphepo ya kumaso imangodya mafuta ndi nthawi, koma ya m'mbali ndiyo imagubuduza. Msewu umakhota, ndipo ulendo umene wayamba mphepo ili kumbuyo ungathe kukhala ndi gawo la makilomita angapo pamene mphepo yomweyo ikugwerani m'nthiti. Mukadziwa gawo limenelo ndi ola limene mudzafikepo, funso limasintha. Simufunsanso ngati mupite kapena musapite, koma mumafunsa kuti munyamuke nthawi yanji kuti mudutse malowo namondwe asanafike, kapena muime pati kuti akupitirireni. Maulendo ambiri amene ndikanawakana ndawapulumutsa mwa kungosuntha nthawi yonyamukira, ndipo ena ndawakana ndi mtima umodzi nditaona kuti palibe ola labwino tsiku lonse.

Chinthu china chimene ndimachiyamikira n'chakuti Windy sibisa kumene ikutenga ulosi wake. Imasonyeza maulosi a mabungwe osiyanasiyana, monga ECMWF ya maiko a ku Ulaya imene likulu lake lili mu mzinda wa Reading ku England, GFS ya ku United States, ndi ICON ya ku Germany, ndipo mukadina malo amodzi mungathe kuwaika onse pamodzi n'kuwayerekeza. Akagwirizana onse kuti masana kudzakhala chimphepo, palibe chifukwa chodikira umboni wina. Akasiyana kwambiri, wina n'kunena 60 pomwe mnzake akunena 90, kusiyanako kumakuuzani kuti nyengo ya tsikulo sinakhazikike, ndipo ine ndimakonzekera nambala yaikuluyo. Pali chiyeso chosankha ulosi umene ukugwirizana ndi zimene mtima ukufuna, makamaka kwa dalaivala amene amalipidwa malinga ndi maulendo amene wayenda, ndipo pulogalamuyi singamuteteze ku chiyeso chimenecho. Ulosi wa masiku asanu kapena kuposerapo ndi wongokuchenjezani kuti mukhale tcheru. Woti mupangirepo chiganizo ndi wa usiku woti mawa mukunyamuka, ndiponso wa m'mawa musanalize injini, popeza maulosiwa amakonzedwanso kangapo pa tsiku.

Mbali imene madalaivala saikamba kwambiri, koma imene kwa ine ndi yaikulu, ndi ya kukambirana ndi abwana. Dalaivala akaimba foni n'kunena kuti kunja sikukuoneka bwino, yankho limakhala lakuti anzake anyamuka kale. Zimakhala zosiyana akatumiza chithunzi cha mapu n'kunena kuti, "Bwana, taonani, pakati pa 1 koloko ndi 4 koloko mphepo idzakhala ikuwomba m'mbali pa mlatho uja, ndipo ngolo ilibe katundu, mundilole ndinyamuke madzulo." Mawu otere amamupatsa wokonza maulendo chinthu chimene iyenso angauze mwini katundu, ndipo chithunzicho chimatsala ngati umboni mawa pakabuka mlandu. Ufulu wokana ntchito yoopsa si maganizo a dalaivala wamantha. Ndime 13 ya Pangano nambala 155 la mu 1981, la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, imanena kuti wantchito amene wachoka pantchito chifukwa ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti moyo wake uli pa ngozi yaikulu ndi yapafupi ayenera kutetezedwa ku chilango chosayenera. Ku United States, gawo 392.14 la malamulo a magalimoto onyamula katundu limalamula dalaivala kuchepetsa liwiro nyengo ikaipa, ndi kuima ndithu zinthu zikafika poopsa. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo aliyense afufuze a kumene amagwira ntchito, koma kulikonse mawu akuti zifukwa zomveka amafuna umboni, ndipo chithunzi chokhala ndi nthawi, malo ndi nambala ndi umboni.

Malire a pulogalamuyi ayenera kunenedwa mosabisa, chifukwa kukongola kwa mapu ake kumachititsa munthu kuiwala kuti akuona zowerengera za kompyuta osati mphepo yeniyeni. Ulosi wa ECMWF umagawa dziko m'mabokosi a makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, ndipo wa GFS ndi wa mabokosi okulirapo. Mlatho wautali, mpata wa pakati pa mapiri, kapena chigwa chimene chimapanikiza mphepo n'kuiwonjezera liwiro, zonsezi n'zazing'ono kuposa bokosi limodzi, choncho malo amene amagwetsa malole ndi omwewo amene mapu sawaona bwino. Mvula ya mabingu imene imabadwa masana n'kutha pa ola limodzi imavutanso kuilosera malo ake enieni, ngakhale mphepo yotsika nayo imakhala yaukali. Gawo la radar, losonyeza kumene mvula ikugwa panopa, limathandiza kuiona ikubwera, koma limagwira ntchito m'madera okhawo amene kuli zipangizo zake, ndipo kwina konse muyenera kudalira zithunzi za setilaiti. Malo oyezera nyengo ndi makamera a m'misewu amene amaoneka pa mapu ndi othandiza potsimikizira zimene zikuchitika panopa, kungoti achuluka m'maiko ena ndipo kwina ndi apatalipatali.

Windy sidziwanso za msewu weniweniwo. Pa 18 February 2022, namondwe Eunice atafika ku Britain, mphepo inafika makilomita 196 pa ola pa The Needles, m'mphepete mwa nyanja kum'mwera kwa England, ndipo milatho yonse iwiri yowoloka mtsinje wa Severn inatsekedwa. Nkhani ngati imeneyo imachokera kwa oyang'anira misewu ndi apolisi, osati pa mapu a mphepo. N'chimodzimodzi ndi madzi osefukira: pulogalamuyi ingakuuzeni kuchuluka kwa mvula imene ikuyembekezeka, koma singakuuzeni kuti madzi adutsa pamwamba pa mlatho kapena kuti akumba pansi pa phula. A National Weather Service, a nthambi ya boma yoona zanyengo ku United States, amachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 30 amakokolola magalimoto ang'onoang'ono ambiri, ndipo a masentimita 60 amatenga ngakhale okulirapo. Dalaivala wa lole asadzinamize ndi kutalika kwa galimoto yake, popeza sangaone ngati msewu ukadalipo pansi pa madziwo. Machenjezo a nthambi ya boma yoona zanyengo ndiwo ayenera kutsogola nthawi zonse. Windy imasonyeza ena mwa machenjezowa pa gawo lake lapadera, koma ndi bwino kuwamvanso kuchokera kwa eni ake.

Zina ndi zazing'ono. Mapu oyendawa amafuna intaneti yabwino ndipo amatha batire msanga, choncho ndi nzeru kujambula zithunzi za ulosi musanalowe m'dera lopanda netiweki. Mabatani ndi ochuluka, ndipo munthu wongoyamba kumene amasokonezeka masiku oyambirira. Iyi si pulogalamu yoyang'ana galimoto ikuyenda, ndi yoyang'ana mutaima, handibuleki itakokedwa.

Pulogalamuyi ili ndi mbali yaulere ndi yolipira. Yaulere imasonyeza ulosi wa maola atatuatatu, pomwe yolipira imausonyeza ola ndi ola ndipo imaukonzanso pafupipafupi. Kwa dalaivala mmodzi yaulere ndi yokwanira, malinga akumbukire kuti chimphepo chingathe kufika pachimake pakati pa maola amene asonyezedwawo. Yolipirayo ndingailimbikitse kwa wokonza maulendo amene akuyang'anira malole ambiri, chifukwa iye ndiye amafunika kudziwa ola lenileni loti aimitse ena ndi kulola ena. Chimene chikusowa m'mbali zonse ziwiri ndi malo olembapo kutalika kwa ngolo ndi kulemera kwa katundu kuti pulogalamu ichenjeze malinga ndi galimotoyo. Pakadali pano nambala ya liwiro la mphepo yoimitsira ulendo iyenera kuchokera kwa kampani ndi madalaivala ake, ndipo ayenera kugwirizana ziwiri, ina ya ngolo yodzaza ndi ina yotsikirapo ya ngolo yopanda kanthu, n'kuzilemba papepala nyengo ya anamondwe isanayambe.